Malemu Du Chisiza Junior ndi Amayi a Zisudzo

Pa anthu onse amene adatchuka ndi zisudzo m'dziko muno, ndi ochepa amene dzina lawo limatchulidwa kawirikawiri kuposa malemu Dunduzu Chisiza Junior, omwe ambiri tinkangowatchula kuti a Du. Ena amawakumbukira chifukwa cha masewero awo olasa boma mopanda mantha, ena chifukwa cha unduna umene adaulandira anthu osayembekezera. M'nkhani ino ndifuna tione mbali ina ya moyo wawo imene sikambidwa kwambiri, ndiyo ntchito yomwe adagwira potsegulira amayi ndi atsikana khomo la zisudzo. Nkhaniyi ikutikhudza ife a kwa Simlemba popeza opanga mafilimu adafika kale m'boma lathu lino la Kasungu, ndipo funso loti amayi osewera m'mafilimuwo azichokera kuti lidakali pakati pathu.

A Du adabadwa pa 26 Malichi 1963, patatha miyezi isanu ndi umodzi bambo awo atamwalira. Bambo awowo, a Dunduzu Kaluli Chisiza ochokera ku Karonga, anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party, ndiponso mmodzi mwa anyamata ophunzira amene anthu ankayembekezera kuti adzayendetsa chuma dziko likadzalandira ufulu. Iwo adafera pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, mu Sepitembala 1962, ndipo za imfa yawo anthu akhala akung'ung'udza mpaka lero. Abambo aakulu a Du, a Yatuta Chisiza, adathawa m'dziko muno pa mkangano wa nduna wa 1964, nabwerera ndi mfuti mu 1967, ndipo adaphedwa ndi asilikali a boma m'dera la Mwanza. Choncho mwanayu adakula atasenza dzina lolemera, dzina limene masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asanalitchule.

Luso lawo lidaonekera ali pa sukulu ya sekondale ya Henry Henderson Institute ku Blantyre. M'chaka cha 1982 adalemba ndi kutsogolera sewero lotchedwa The Deceased's Attack, lomwe lidapambana pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale za dziko lonse, uja umakonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM. Anzanga amene mudadutsa m'sekondale zaka zimenezo mukukumbukira momwe mpikisanowu unkatenthera. Mukukumbukiranso kuti pa sukulu za anyamata okhaokha, gawo la mayi linkaperekedwa kwa mnyamata wa mawu aang'ono, n'kumumanga chitenje ndi duku, holo yonse n'kufa ndi phwete ngakhale sewerolo likhale la maliro.

Ngakhale pa sukulu zimene panali atsikana, kupeza mtsikana woti asewere sichinali chapafupi. Makolo ambiri ankaona kuti mwana wamkazi woimirira pamaso pa gulu n'kumayerekeza kukhala mkazi wa mwini kapena chibwenzi cha mnyamata ndiye kuti walowerera. Kukonzekera sewero kunkachitika madzulo, ndipo mpikisano unkafuna ulendo ndi kugona kwa eni. Pamwamba pa izi panali malamulo a boma. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse liyambe lavomerezedwa ndi bungwe la Censorship Board lisanaonetsedwe, pomwe lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yosafika m'maondo. Mayi wa ku Malawi ankaloledwa kuonekera pagulu akamavina ngati mbumba ya Kamuzu, koma kuti aimirire payekha n'kulankhula mawu ake pa bwalo la zisudzo inali nkhani ina.

Atatsiriza sekondale, a Du adapita ku Philadelphia m'dziko la America komwe adakaphunzira za zisudzo. Adabwerako mu 1987 ndi kukhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, lomwe limadziwika kuti ndilo loyamba m'Malawi muno kutenga zisudzo ngati ntchito yodyerapo. Zisudzo zidalipo kale. Ophunzira a ku Chancellor College ankayenda ndi gulu lawo la Travelling Theatre, ndipo pa wailesi ya MBC tonse tinkamvera Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino. Chatsopano chomwe a Du adabweretsa n'choti anthu azilipira pakhomo, gulu lizidzidalira, ndipo wosewera azidzuka m'mawa akudziwa kuti ntchito yake ndi imeneyi.

Pamenepa mpamene pagona nkhani ya amayi. Gulu la pa sukulu likhoza kubwereka mtsikana kwa mwezi umodzi, mpikisano ukatha iye n'kubwerera ku mabuku ake. Koma gulu loonetsa masewero chaka chathunthu, lero pa French Cultural Centre ku Blantyre, mawa m'maholo a m'zigawo zina, silingadalire munthu wobwereka, komanso silingamange mnyamata chitenje anthu atalipira ndalama zawo. Limafuna amayi okhazikika, oloweza mawu ambiri a Chingerezi, olimba mtima pamaso pa gulu, ndiponso otha kupirira zonena za anthu. Wakhumbata idakhala sukulu ya amayi otere. Wotchuka kwambiri mwa iwo anali mayi Gertrude Webster Kamkwatira, amene tiwatchulenso kutsogoloku.

A Du adalemba masewero oposa 20, ndipo adathandiza kulemba ndi kutsogolera enanso ambiri. Ena mwa odziwika ndi Papa's Empire, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart ndi Democracy Boulevard. Ambiri mwa masewerowa ankakhudza za ulamuliro, katangale ndi ufulu wa munthu pa nthawi imene kulankhula zotere kunkatengera munthu ku Mikuyu. Iwo ankadziwa kukulunga mawu kotero kuti oonerera ankamva chimene chikunenedwa ngakhale dzina la munthu silidatchulidwe.

N'chifukwa chake ambiri adagwira pakamwa mu 1993, chaka cha referendamu, pomwe a Du adavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma la Dr Kamuzu Banda. Ena adati mwana wa a Dunduzu sakadayenera kudya m'mbale imodzi ndi boma limene lidapha abambo ake aakulu. Ena adati munthu wa zisudzo akakhala m'kati ndiye kuti zisudzo zapeza mkhalapakati. Undunawo sudakhalitse popeza chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chidasintha boma, ndipo a Du adabwerera ku ntchito yawo ya kale. Adapitiriza kulemba ndi kusewera mpaka pomwe adamwalira pa 24 Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35 zokha.

Chomvetsa chisoni n'choti adatisiya patangotsala milungu yochepa kuti dziko lino likhale ndi wailesi yakanema yakeyake, pakuti Television Malawi idayamba kuulutsa mu Epulo chaka chomwecho. Moyo wawo wonse wa ntchito udathera m'dziko lopanda kanema, momwe sewero linkatha ndi kuwomba m'manja, lotsala n'kukhala m'mitu ya amene adalipo tsikulo. Cholowa chenicheni chomwe adasiya chinali anthu amene adawaphunzitsa. Iwo atamwalira, utsogoleri wa Wakhumbata udagwera m'manja mwa mayi Kamkwatira, omwe pambuyo pake adayambitsa gulu lawolawo la Wanna-Do Ensemble Theatre. Mayiwa adalemba masewero monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial, ndipo adatsogolerapo bungwe la a zisudzo la National Theatre Association of Malawi asanamwalire mu 2006. M'dziko limene mtsikana ankakanizidwa kukwera pa nsanja, gulu lalikulu koposa la zisudzo lidatsala m'manja mwa mayi.

Kuti timvetse phindu la ntchito yotereyi, tione zomwe zidachitika ku South Africa m'zaka zomwezo. Sewero la Sarafina, lolembedwa ndi a Mbongeni Ngema, lidayamba kuonetsedwa pa Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, chaka chomwe Wakhumbata idabadwa. Pamene adaganiza zolisandutsa filimu, yomwe idatuluka mu 1992, panafunika kusankha amayi oti asewere. Gawo la mphunzitsi lidapita kwa Whoopi Goldberg wa ku America, munthu amene dzina lake lokha linkakopa oonerera kunja, ndipo gawo la mayi wake wa Sarafina lidapita kwa Miriam Makeba. Koma gawo la Sarafina mwini wake lidakhalabe kwa Leleti Khumalo, mtsikana yemwe adalisewera pa nsanja kuyambira pachiyambi. Opanga filimuwo sadavutike kufunafuna chifukwa bwalo la zisudzo linali litawalerera kale munthu.

Kwathu kuno mafilimu adayamba kuoneka bwino a Du atapita kale. A Shemu Joyah adapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, momwe mayi Flora Suya adaonetsa luso, ndipo filimu ya mayi Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idalandira mphotho ku Nigeria mu 2016. Kenaka mu 2019 kudatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, filimu yonena za William Kamkwamba wa kwa Wimbe, yojambulidwa m'boma lathu lomwe lino. Gawo la mlongo wake wa William lidaseweredwa ndi Mmalawi, Lily Banda. Koma gawo la mayi wake, mayi wa pamudzi wa ku Kasungu wolankhula Chichewa, lidapita kwa Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal ndi kukulira ku France, yemwe adachita kuphunzira mawu a Chichewawo. Zifukwa za malonda zilipo, monga tidaonera kwa Whoopi Goldberg. Komabe nafenso tidzifunse kuti akadzabweranso ena kudzafuna mayi wotere, tidzawaonetsa yani.

Ife ana a alimi a fodya timadziwa kuti ntchito yosankha masamba m'chigafa imabwera kumapeto. Amene sadafese nazale, sadathirire, ndiponso sadawokere mbande pa nthawi yake alibe choti asankhe. Kusankha amayi osewera mufilimu n'chimodzimodzi. Nazale yake ndi kalabu ya zisudzo ya pa sukulu, momwe a Du eni ake adayambira, ndi magulu onga Wakhumbata amene amalandira mtsikana akachoka pa sukulupo.

Ambiri mwa ife tsopano ndife makolo, aphunzitsi, ndi ogwira ntchito m'maofesi a boma. Mwana wamkazi akadzatipempha chilolezo cholowa kalabu ya zisudzo, kapena sukulu yathu ikadzapempha thandizo la ulendo wa ku mpikisano, yankho lidzachokera kwa ife. M'mera mpoyamba. Mzimu wa malemu Dunduzu Chisiza Junior uuse mumtendere.