Episkopi Chauncy Maples ndi Chilumba cha Likoma

Munthu akatsika mapiri a Ntchisi nafika ku Nkhotakota, amapeza manda a Chauncy Maples, episkopi wa Mpingo wa Anglican amene anamira m'nyanja m'chaka cha 1895. Mbiri yake itithandiza kumvetsa chifukwa chake Likoma lili dziko la Malawi, chonsecho madzi olizinga ndi a Mozambique.

Maples anabadwa ku England mu 1852, naphunzira ku Oxford. Mu 1876 anapita ku Zanzibar m'gulu la amishoni a UMCA, nakagwiranso ntchito ku Masasi. Mu 1886 anafika pa Likoma, pamene anzake anali atatsegula mishoni chaka chimodzi m'mbuyomo.

Likoma ndi kachilumba ka miyala, mchenga ndi milambe, kakukula ngati masikweya kilomita 18, koyandikana ndi gombe la kum'mawa. Nthaka yake ndi yosabala kwenikweni, ndipo eni ake amadalira nsomba ndi chinangwa. Nanga amishoni anakonderanji malo otere? Masiku amenewo kumtunda kunali nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo, koma pachilumba madzi anali linga. Kuchokera pamenepo sitima ya Charles Janson inkayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. Maples anayang'anira mishoniyo ndi sukulu zake, nayambitsa nyuzipepala ya Nyasa News mu 1893.

Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagawana dziko. Gombe loyang'anana ndi Likoma linagwera Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoni ija. Motero zinakhala za Nyasaland, ndipo kuyambira 1964 ndi za Malawi.

Maples anadzozedwa episkopi wa Likoma ku London mu June 1895. Pobwerera, pa 2 September, namondwe anagubuduza bwato lake pafupi ndi Salima, ndipo anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, asanaonenso nkhosa zake. Anali ndi zaka 43.

Ntchito sinafe naye. Mu 1901 sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda panyanja, ndipo mu 1903 anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene chilipo kufikira lero. Inu aphunzitsi ndi akatekisti, ana akafunsa za malire a dziko lathu, muwauzeko za munthu ameneyu.