Mbiri ya Mai Elizabeth Stuart Phelps, mlembi amene anatonthoza ofedwa ndi buku lonena za kumwamba

M'caka ca 1868 m'dziko la America munatuluka buku la nthano lochedwa The Gates Ajar, dzina lotanthauza zipata zotseguka pang'ono. Bukuli linali kukamba za moyo wa pambuyo pa imfa, ndipo amene analilemba ndi Mai Elizabeth Stuart Phelps, omwe panthawiyo anali ndi zaka 24 zokha. Azimai ofedwa analilandira ndi manja awiri, abusa ena analidzudzula poyera, ndipo amalonda anapezerapo phindu. Kufikira tsiku la imfa yawo, Mai Phelps anadziwika ndi buku limeneli kuposa mabuku ena onse amene analemba.

Mai Phelps anabadwa pa 31 Ogasiti 1844 mu mzinda wa Boston, m'cigawo ca Massachusetts, ndipo dzina lawo lobadwa nalo linali Mary Gray Phelps. Atate awo, a Austin Phelps, anali m'busa wa mpingo wa Congregational ndiponso mphunzitsi pa sukulu ya abusa ya ku Andover. Agogo awo akucikazi, a Moses Stuart, anali katswiri wa maphunziro a Baibulo pa sukulu yomweyo. Motero mwanayo anakulira m'nyumba imene nkhani za Mulungu, za ciweruzo ndi za moyo wosatha zinali kukambidwa tsiku ndi tsiku.

Amai awo nawonso anali mlembi wochuka, koma anamwalira mu 1852, mwana wawoyo ali ndi zaka 8. Pambuyo pa malirowo mtsikanayo anatenga dzina la amai ake, nakhala Elizabeth Stuart Phelps. Analowanso nchito imene amai ake anasiya, pakuti nthano yake yoyamba inasindikizidwa m'magazini ya ana yochedwa Youth's Companion ali ndi zaka 13.

Cimene cinasintha moyo wawo ndi nkhondo ya paciweniweni imene inamenyedwa ku America kuyambira mu 1861 mpaka mu 1865. Pa nkhondoyi panafa asilikali oposa 600,000. Ambiri anaikidwa m'manda kutali ndi kwawo, ndipo ena mitembo yawo siinadziwike n'komwe. Azimai anatsala amasiye osaona nkhope ya mwamuna wawo komaliza, makolo analira ana awo popanda manda okapitako. Mai Phelps nawo anakhudzidwa, cifukwa mnyamata wina amene anali kugwirizana naye kwambiri anafa pambuyo pa nkhondo ya ku Antietam mu 1862.

M'masiku amenewo ulaliki wofala m'mipingo ya kwawoko unali kulimbikitsa ofedwa kugonjera cifuniro ca Mulungu popanda kudandaula. Kumwamba kunali kufotokozedwa monga malo a ulemerero kumene oyera mtima amaimba ndi kulambira kosalekeza. Za kuonananso ndi mwamuna, mwana kapena mlongo, abusa ambiri sanali kuzikamba momveka bwino. Mai Phelps anaona kuti ciphunzitso cotere cinakonzedwa ndi amuna, ndipo sicinali kufika pamtima pa azimai amene anali kulira. Anatha zaka ziwiri akulemba buku loyankha kulira kumeneko, ndipo atalitsiriza analipereka monga ulemu kwa atate awo.

Nthano ya m'bukuli ndi ya mtsikana wochedwa Mary Cabot, amene akulemba za mumtima mwake tsiku ndi tsiku atalandira uthenga wakuti mlongo wake Roy waphedwa ku nkhondo. Akulu a mpingo akubwera kudzamupepesa, koma mau awo akungoonjezera cisoni, mpaka mtsikanayo akuyamba kuwawidwa mtima ndi Mulungu. Kenaka pakufika mbale wake wina, mai wamasiye wochedwa Winifred Forceythe, pamodzi ndi kamwana kake Faith.

Mai wamasiyeyu akuphunzitsa Mary, motsamira pa Malemba, kuti akufa sanataike ndipo sanaiwale abale awo. Akufotokoza kumwamba monga mudzi weniweni wokhala ndi nyumba, mitengo ndi maluwa, kumene anthu amazindikirana, kuceza ndi kugwira nchito zimene anali kukonda. Kwa mtsikana wosauka wolakalaka nyimbo, iye akulonjeza kuti kumeneko adzapeza piyano. Pakutha pa nthanoyo Winifred nayenso akumwalira, koma Mary akulandira imfayo ndi mtima wokhazikika, natenga Faith kuti amulere.

Bukuli linagulidwa mofulumira koposa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku America kunali kutagulidwa mabuku pafupifupi 80,000, ndipo ku Britain pafupifupi 100,000. Linamasuliridwanso m'Cifalansa, m'Cijeremani, m'Cidachi ndi m'Citaliyana.

Oyamba kuonetsa maganizo awo anali ofedwa eni ake. Kwa zaka zambiri Mai Phelps anali kulandira makalata ocokera kwa anthu amene sanaonanepo nawo. Ambiri mwa makalatawo anali olembedwa pa mapepala a mzere wakuda m'mbali, monga mwa mwambo wa anamfedwa wa nthawi imeneyo. Olembawo anali kufotokoza za imfa zimene zinawagwera, kuthokoza cifukwa ca citonthozo, ndiponso kufunsa mafunso okhudza abale awo amene anatsogola. Mtsikana amene analemba nthano anasanduka mlangizi wa anthu osweka mtima, ndipo mtolo umenewo sunali wopepuka kwa munthu amene thanzi lake linali lofooka ndiponso wovutika ndi kusowa tulo.

Atsogoleri ena a mipingo ndi manyuzipepala acipembedzo sanakondwere. Iwo anati bukuli likucepetsa ulemerero wa kumwamba pokusandutsa malo a zinthu za dziko lapansi, ndi kuti likunena zimene Baibulo silinanene. Nkhani ya piyano ndiyo inawakwiyitsa kwambiri. Panalinso ena amene anaipidwa poona kuti m'nthanoyo mai wamasiye ndiye akuphunzitsa m'busa, pakuti m'busa wa m'mudzimo atafedwa mkazi wake akupita kukafuna citonthozo kwa Winifred yemweyo. Kunasindikizidwa timabuku totsutsa bukuli, ndiponso ena oliteteza. Koma kudzudzulako sikunaletse anthu kuligula.

Amalonda nawo anaona kuti dzina la bukuli likukopa anthu. Linayamba kulembedwa pa makolala a zovala, pa ndudu za fodya, pa mankhwala ogulitsa m'masitolo ndiponso pa nyimbo. Okonza maluwa a pamaliro anapanga nkhata yooneka ngati cipata cotseguka pang'ono, naipatsa dzina lomwelo, ndipo inakhala yofala pa maliro a ku America kwa zaka zambiri.

Ngakhale alembi anzawo anagawanika maganizo. Mlembi wochuka wa nthabwala, Mark Twain, anaona kuti kumwamba kwa m'bukuli kunali kocepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa cilengedwe. Iye analemba nthano yoseka maganizo amenewo, yochedwa Extract from Captain Stormfield's Visit to Heaven, imene inatuluka monga buku mu 1909.

Mai Phelps sanabwerere m'mbuyo. Anapitiriza nkhani ya moyo wa pambuyo pa imfa m'mabuku ena awiri, Beyond the Gates la mu 1883 ndi The Gates Between la mu 1887. M'buku la mu 1883 anafika pofotokoza kumwambako mwatsatanetsatane, kudzera mwa mai wodwala kwakayakaya amene akuona malowo ndi kukumana ndi atate ake omwe anamwalira kale.

Komabe maso awo sanali kumwamba kokha. M'caka comwe ca 1868 analemba nthano yochedwa The Tenth of January, yokamba za ngozi ya pa 10 Januwale 1860 pamene fakitale ya nsalu ya Pemberton inagwa mu mzinda wa Lawrence, pafupi ndi Andover, n'kupha anchito ambiri, makamaka azimai ndi atsikana. Mu 1871 anatulutsa The Silent Partner, lonena za umphawi wa ogwira nchito m'mafakitale. The Story of Avis la mu 1877 linaonetsa mmene ukwati ungaphere luso la mkazi, ndipo Doctor Zay la mu 1882 linali la mkazi amene ndi dokotala. Analimbikitsa azimai kutaya zovala zothina zomanga m'ciuno zimene zinali kuononga thanzi lawo, analimbana ndi ucidakwa pakati pa asodzi a ku Gloucester, ndipo m'zaka zawo zomaliza anatsutsa mcitidwe wong'amba nyama zamoyo pofufuza za mankhwala.

Mu 1888 anakwatiwa ndi a Herbert Dickinson Ward, mlembi amene anali wocepa kwa iwo ndi zaka 17, ndipo analembera limodzi mabuku angapo. Mu 1896 anatulutsa mbiri ya moyo wawo yochedwa Chapters from a Life, mmene anafotokoza kuti polemba The Gates Ajar anali kuganizira azimai amene nkhondo inawasiya m'cisoni. Anamwalira pa 28 Januwale 1911 ku Newton, m'cigawo ca Massachusetts, ali ndi zaka 66, atalemba mabuku oposa 50.

Mbadwo wa anamfedwa a nkhondo utatha, mbiri ya Mai Phelps inazilala ndipo mabuku awo anasiya kuwerengedwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 akatswiri a mbiri ndi a zolembalemba anayambanso kuwasindikiza ndi kuwaphunzira. Iwo amachula The Gates Ajar monga umboni wa mmene anthu a ku America analirira akufa awo pambuyo pa nkhondo, ndiponso wa mmene anthu wamba, makamaka azimai, anayambira kuyembekezera kumwamba kumene banja lidzakumananso. Mafunso amene owerenga anali kutumiza m'makalata aja, akuti kodi womwalirayo ali kuti, kodi akutikumbukira, kodi tidzamuzindikira, ndi amene ofedwa amafunsabe pa maliro kufikira lero.