Dennis Ritchie: mmisiri wosatchuka amene thukuta lake lili m'foni mwanu

Pa 5 October 2011 dziko lidagwa m'chisoni ndi imfa ya a Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple. Pa wailesi, pa TV ndi pa masamba a mchezo nkhani idali yomweyo. Patangotha sabata imodzi, pa 12 October, bambo wina wa zaka 70 adapezeka atamwalira m'nyumba imene ankakhala yekha ku Berkeley Heights, New Jersey, m'dziko la America. Uthenga wa malirowo adayamba kuufalitsa pa intaneti ndi a Rob Pike, amene adagwira nawo ntchito kalekale. Malemuwo adali a Dennis Ritchie. Mwina dzinali mukulimva koyamba lero, komatu ngati nkhaniyi mukuwerengera pa Tecno, Samsung kapena iPhone, ntchito ya manja awo ili m'katimo.

M'foni kapena m'kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene imalamulira zonse: imagawa malo osungira zinthu, imayankhula ndi kamera ndi batire, komanso imaonetsetsa kuti WhatsApp ndi nyimbo zikuyendera limodzi popanda kukhulana. Pulogalamuyi amaitcha operating system. Android ndi yotero, iOS ya mu iPhone nayonso. Mukatsatira mbiri ya ziwirizi mukafika pa kholo limodzi lotchedwa Unix, limene a Ritchie adapanga ndi anzawo a Ken Thompson ali pa ntchito yolipidwa ndi kampani ya matelefoni. Moyo wawo ukutionetsa zimene zimachitika kampani ikalola amisiri ake kugawana nzeru ndi anthu akunja, komanso zimene zimachitika ikatseka chitseko.

A Ritchie adabadwa pa 9 September 1941 ku Bronxville, New York, ndipo adakulira ku Summit, New Jersey. Bambo awo, a Alistair Ritchie, adali katswiri wa sayansi ku Bell Labs, nthambi ya kafukufuku ya kampani ya AT&T imene nthawi imeneyo inkayendetsa pafupifupi matelefoni onse a ku America. Mwana wa mbuzi adaonera kwa make: ataphunzira fizikisi ndi masamu ku yunivesite ya Harvard, nawonso adalowa ntchito ku Bell Labs mu 1967. Kafukufuku wa digiri ya udokotala adamulemba, koma digiriyo sadaitenge. Pamalo omwewo adakhalapo zaka 40.

Atangofika adawaika pa ntchito ya Multics, operating system yaikulu imene Bell Labs inkapanga mogwirizana ndi yunivesite ya MIT ndi kampani ya General Electric. Ntchitoyo idadya ndalama ndi nthawi, mpaka mu 1969 mabwana a Bell Labs adatulukamo. A Thompson, a Ritchie ndi anzawo atapempha kompyuta yaikulu yoti apitirizire kafukufuku wa mtunduwu, adakanizidwa. Basi a Thompson adapeza kompyuta yaing'ono ya PDP-7 imene inkangokhala osagwiritsidwa ntchito kwenikweni, nayamba kulembapo kapulogalamu kosavuta, kosiyana ndi chimphona cha Multics. Dzina loti Unix lidabwera ngati nthabwala yoseka Multics yomweyo.

Kompyuta yabwinopo, ya PDP-11, adaipeza mu 1970 atalonjeza kuti apanga pulogalamu yotaipira ndi kukonza makalata. Mu 1971 ogwira ntchito mu ofesi yolembetsa umwini wa zinthu zatsopano zimene Bell Labs yatulukira adayamba kutaipira zikalata zawo pa Unix. Apa mpamene pali phunziro loyamba. Palibe bwana amene adakhala pansi nkulamula kuti pakhale Unix. Chimene kampani idapereka ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, makina, anzawo anzeru pafupi, ndi ufulu woti munthu atsatire funso limene likumuvutitsa m'mutu.

Mphatso yaikulu ya a Ritchie idali chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa C. Masiku amenewo operating system inkalembedwa m'chiyankhulo cha makina a mtundu umodzi okha, moti mukagula kompyuta ya kampani ina mumayambiranso pachiyambi. A Ritchie adatenga chiyankhulo cha B chimene a Thompson adapanga, nkuchikuza mpaka chidasanduka C cha m'ma 1972. Mu 1973 phata la Unix lidalembedwanso m'chiyankhulochi, ndipo cha m'ma 1977 ndi 1978 a Ritchie ndi a Steve Johnson adasamutsira Unix pa kompyuta ya mtundu wina, Interdata 8/32, kutsimikiza kuti nzotheka. Mu 1978 iwo ndi a Brian Kernighan adatulutsa buku la The C Programming Language, kabuku kopyapyala kamene kaphunzitsa mibadwo ya olemba mapulogalamu.

Nanga chinthu cha kampani chidafika bwanji m'manja mwa ophunzira? Apa tisanamizane, sikudali kukoma mtima kokha ayi. Mu 1956 AT&T idagwirizana ndi boma la America kuti, pokhala inkalamulira yokha msika wa matelefoni, isamachite malonda ena kunja kwa gawo limeneli. Choncho a Ritchie ndi a Thompson atafotokoza za Unix pa msonkhano wa akatswiri mu 1973, nkhaniyo nkusindikizidwa mu 1974, mayunivesite atayamba kuipempha, kampani sikadatha kuigulitsa ngati katundu wa phindu. Idayamba kuipereka pa mtengo wochepa, pamodzi ndi source code, kutanthauza malemba enieni amene amisiri adalemba, oti munthu angathe kuwerenga ndi kusintha. Koma chikakuvutani, kampani sinkabwera kudzakukonzerani.

Kusowa thandizo kumeneku nkumene kudabala mgwirizano. Ogwiritsa ntchito Unix adayamba kukumana, kutumizirana matepi a zimene akonza ndi kuphunzitsana. Ku yunivesite ya California ku Berkeley, kumene a Thompson adakaphunzitsako mu 1975 ndi 1976, ophunzira monga Bill Joy adawonjezera zambiri mpaka kudatuluka mtundu wawo wotchedwa BSD. Mtundu wa BSD wa mu 1983 udathandiza kwambiri kufalitsa njira imene makompyuta amalumikizirana pa intaneti mpaka lero. Ku Australia, mphunzitsi wina, a John Lions, adalemba buku lofotokoza malemba a Unix mzere ndi mzere kuti ophunzira aone mmene operating system yeniyeni imagwirira ntchito. Unix ya nthawi imeneyo sidali open source monga tikudziwira lero, chifukwa pankafunika layisensi ya AT&T, koma khalidwe lowerenga, kukonza ndi kubweza kwa anzako lidamera pamenepo.

Kenako fungo la ndalama lidafika. Layisensi ya Unix ya mu 1979 idaletsa kugwiritsa ntchito malembawo pophunzitsa m'kalasi. Buku la a Lions lidasanduka loletsedwa, ndipo ophunzira ankangolichita fotokope mobisa nkumapatsirana. Pa 1 January 1984 AT&T idagawidwa potsatira mlandu wake ndi boma, chiletso chija nkutha, ndipo kampani idalowa mu malonda a Unix ndi mphamvu zonse. Makampani monga Sun, IBM ndi Hewlett-Packard aliyense adali ndi mtundu wake, wosagwirizana bwino ndi wa mnzake. Mu 1992 nthambi ya AT&T yoona za Unix idasumira kampani yaing'ono ya BSDi pamodzi ndi yunivesite ya California, ponena kuti m'BSD mudali malemba ake. Mlanduwo udatha mu 1994, pamene nthambiyo idali itagulidwa kale ndi kampani ya Novell.

Pamene akuluakulu ankakokanakokana m'khoti, madzi adali atapeza kale njira ina. Mu 1983 a Richard Stallman adalengeza ntchito ya GNU, yofuna kupanga chinthu chonga Unix chimene aliyense angagawane mwaufulu. Mu 1987 a Andrew Tanenbaum a ku Amsterdam, posowa chophunzitsira, adalemba Minix. Mu 1991 mnyamata wa zaka 21 ku Helsinki m'dziko la Finland, Linus Torvalds, amene ankagwiritsa ntchito Minix, adayamba kulemba phata lakelake limene lidatchedwa Linux. Sadakopere malemba a AT&T, koma adatsata kamangidwe ka Unix ndipo adalemba m'chiyankhulo cha C cha a Ritchie. Linux idaikidwa pansi pa layisensi ya GPL, imene imati ukasintha malembawo nkugawira ena pulogalamuyo, uyeneranso kuwapatsa zimene wasinthazo.

Nthawi yonseyi a Ritchie adali phee ku Bell Labs. Eni ake a malowo ankasintha, kuchoka ku AT&T kupita ku Lucent mu 1996, kenako Alcatel-Lucent mu 2006, koma iwo sadathamangire kukatsegula kampani yawo. Adatsogolera gulu limene lidapanga operating system ina yotchedwa Plan 9. Siidatchuke ngati Unix, komabe m'ntchito imeneyi ndi mmene a Thompson ndi a Pike adapangira UTF-8 mu 1992, njira imene masamba ambiri a pa intaneti amasungira zilembo za ziyankhulo zonse. Mukalemba Malaŵi ndi ŵ wa kachipewa uja, kapena kutumiza emoji, mukudyerera ntchito ya gulu limenelo. Mu 2000 Lucent idatsegula malemba a Plan 9 kuti aliyense awaone.

A Ritchie adali mmodzi mwa amene adalimbikira kuti buku la a Lions liloledwe, ndipo lidasindikizidwa poyera mu 1996, patatha zaka pafupifupi 20. Linux sadaione ngati mdani kapena wakuba, koma ngati kupitiriza kwa maganizo amene iwo ndi a Thompson adayambitsa. Ulemu adalandira ndithu: mphoto ya Turing mu 1983, mendulo ya ukadaulo kuchokera kwa Pulezidenti Bill Clinton mu 1999, ndi Japan Prize mu 2011, zonsezi pamodzi ndi a Thompson. Adapuma pa ntchito mu 2007, ndipo zaka zawo zomaliza adavutika ndi khansa komanso matenda a mtima.

Asadatsikire kuli chete, adaona makampani akutembenuka. Mu 2000 IBM idalengeza kuti iika madola 1 biliyoni pa Linux. Apple nayonso idatsegula malemba a Darwin, maziko a macOS ndi iOS, amene mbali ina adachokera ku BSD. Mu 2008 foni yoyamba ya Android, imene Google idamanga pamwamba pa phata la Linux, idafika pa msika. Lero gawo lalikulu la ntchito ya pa Linux limagwiridwa ndi amisiri olipidwa ndi makampani monga Intel, Google, Red Hat, AMD, Samsung ndi Huawei.

Kayendetsedwe kake nkosangalatsa. Kampani ikapanga kachipangizo katsopano, amisiri ake amalemba malemba oti Linux izitha kuyankhula nako, nkuwatumiza poyera. Oyang'anira gawo limenelo amawaunika, ndipo akaona zolakwika amawabweza, ngakhale atachokera ku kampani yolemera bwanji. Mtundu watsopano wa Linux umatuluka pafupifupi masabata 9 kapena 10 aliwonse, ndiye kampani yobisa zosintha zake imakhala ndi chintchito chozilumikizanso nthawi ndi nthawi. Kugawana kumatchipa kuposa kubisa. Ena amathandiza ndi ndalama kudzera m'mabungwe monga Linux Foundation, imene imalipira a Torvalds. Mu 2014 a Jan Koum, mmodzi mwa oyambitsa WhatsApp, adapereka madola 1 miliyoni ku FreeBSD Foundation, pakuti makompyuta oyendetsa WhatsApp ankadalira FreeBSD, mdzukulu wa BSD ija. Akuluakulu adati kupatsa nkuika.

Komabe tisatengeke. Makampaniwa sakuchita zachifundo, akuteteza malonda awo. Mbali zimene zili ndi phindu zimapeza amisiri ambiri, pomwe mapulogalamu ena ofunika amatsalira anthu ochepa ongodzipereka. Pa Android penipeni, phata ndi lotseguka koma Play Store ndi mapulogalamu ambiri a Google ndi otseka. Ndipo opanga zipangizo za m'mafoni akasunga zosintha zawo kumbali osazibweza ku gulu, chimakhala chimodzi mwa zifukwa zimene foni yoti ikugwirabe ntchito imasiyira kulandira ma update, mwini wake nkutsala pa chiopsezo cha akuba a pa intaneti. Kwa munthu amene adasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule foniyo, ndipo amasungiramo ndalama za pa mobile money, imeneyi si nkhani ya akatswiri okha.

A Ritchie atamwalira, amisiri adawalira mwa njira yawo. Fedora 16, mtundu wa Linux umene Red Hat imathandizira, udatuluka mu November 2011 uli woperekedwa powakumbukira, ndipo FreeBSD 9.0 idachita chimodzimodzi mu January 2012. Nthambi ziwiri za banja limodzi, imene idakokeredwa ku khoti ndi imene idamera kunja kwa mpanda, zidavomereza kholo lawo.

Ophunzira a zaka za m'ma 1980 ankabisa fotokope ya buku la a Lions kuti angoona mmene operating system imalembedwera. Inu lero malemba onse a Linux ali poyera pa intaneti, ndipo chiyankhulo cha C mungayambe kuchiphunzira pa foni yomwe ili m'manja mwanuyo, bola kabandulo kalipo. Amene amaunika zotumizidwa ku Linux amayang'ana ngati malembawo ali olondola, kaya achokera ku California kaya ku Zomba.