Samuel Ntara, Munthu wa Mabuku

Mseu waukulu wa Great East umene upita pafupi ndi Northmead ndi wautali kwambiri. Ukafika ku Chipata, upitirira mpaka ku dziko la Malawi. Kumeneko ndiko kunabadwira a Samuel Josia Ntara m'caka ca 1905.

A Ntara anaphunzira pa sukulu za mishoni. Atakula anakhala mphunzitsi pa mishoni ya Nkhoma, kufupi ndi Lilongwe. Masiku amenewo mabuku a Cinyanja anali ocepa cabe. Ambiri anali a kuchalichi ndi a kusukulu. Mwana wofuna kuwerenga nkhani ya anthu a kwao anali kuisowa.

Tsono kunamveka za mpikisano wocokera ku London. Unali wa anthu olemba mabuku m'zinenero za mu Africa. A Ntara anatenga colembera ndi kuyamba nchito. Analemba za munthu wina dzina lake Nthondo, kuyambira tsiku lobadwa mpaka tsiku la maliro ake. Nthondo sanali mwana wabwino, ai. Anali wosamva ndiponso wakuba. Anapita kutali kukafuna nchito, nabwerera kumudzi. Pambuyo pake anakhala mfumu ndipo anasintha makhalidwe ake.

Buku la Nthondo linapata mphoto! Linasindikizidwa mu 1933. Caka cotsatira a Cullen Young analimasulira m'Cingerezi, ndipo anthu a ku maiko akutali anawerenga za moyo wa m'mudzi wa Acewa.

Koma panali cinthu cina cofunika kucita msanga. Mbiri ya Acewa inali m'mitu ya agogo cabe. Gogo akamwalira, zimene anali kudziwa zinali kupita naye kumanda. Nanga ana a mtsogolo akanazimva kwa yani? A Ntara anakhala pansi ndi akuluakulu. Anafunsa za mafumu akale, za kumene Acewa anacokera ndi za nkhondo zimene anaona. Iyi si nchito yopepuka. Agogo safotokoza mofulumira, ndipo wofunsa ayenera kudekha. Zimene anamva anazisonkhanitsa m'buku lochedwa Mbiri ya Acewa. Analembanso buku la Msyamboza, mfumu ya ku Dowa imene inakhalakodi.

A Ntara anamwalira mu 1976. Mabuku ao anawerengedwa m'sukulu za ku Malawi ndi kuno ku Zambia komwe. Kafunseni agogo anu kunyumba. Mwina amkumbuka Nthondo uja.

Mafunso

1. Kodi a Ntara anali kuphunzitsa kuti?
2. Nthondo anali mwana wotani?
3. N'cifukwa ciani a Ntara anafulumira kulemba mbiri ya Acewa?
4. Funsani munthu wamkulu nkhani imodzi yakale. Ilembeni m'buku lanu ndipo mudzaiwerenge m'kalasi.