Malemu Dunduzu Chisiza, Phungu wa ku Karonga

Mwa aphungu amene anakhalapo m'Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba natisiya, ndi ochepa amene anakhalamo nthawi yaifupi monga malemu Dunduzu Kaluli Chisiza. Anakhala pa mpando wawo chaka chimodzi chokha, koma dzina lawo likumbukikabe, pakuti iwo anayamba kulingalira za mavuto a ufulu pamene ufuluwo unali usanafike.

Bambo Chisiza anabadwa m'chaka cha 1930 kumpoto kwa dziko lino, m'mbali mwa nyanja. Anaphunzira ku Livingstonia, napitiriza maphunziro awo ku Uganda. Pambuyo pake anagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko la India ku Salisbury, kumene anathandizana ndi James Chikerema ndi George Nyandoro kukhazikitsa bungwe la achinyamata lotchedwa City Youth League. Chifukwa cha ntchito imeneyi, boma la Southern Rhodesia linawapirikitsa m'chaka cha 1956. Atatero anapita ku Fircroft College, mu mzinda wa Birmingham, kumene anaphunzira za chuma ndi za makhalidwe a anthu.

M'chaka cha 1958 anabwerera kwawo nasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress, imene inali kulimbana ndi Chitaganya. M'mwezi wa March 1959 anamangidwa, natsekeredwa m'ndende ya Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda, Bambo Chipembere ndi mkulu wawo Yatuta. Anamasulidwa mu September 1960, nakhala mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party.

Pa chisankho cha mu August 1961 anthu a ku Karonga anawasankha kukhala phungu wawo, ndipo anapatsidwa udindo wothandiza Henry Phillips ku unduna wa zachuma. Apa mpamene nzeru zawo zinaonekera. Anali munthu wosaopa kunena maganizo ake: anasiyana ndi Dr. Banda pa nkhani ya magetsi a ku Nkula, pakuti Dr. Banda anakana ndalama zodzera ku Chitaganya, pamene iwo anaona kuti dziko lopanda magetsi silingatukuke msanga. Mu July 1962 anakonza msonkhano waukulu ku Blantyre, kumene kunafika akatswiri a zachuma ochokera m'mayiko ambiri. M'zolemba zawo, monga kabuku kotchedwa Africa: What Lies Ahead, anachenjeza kuti mayiko olandira ufulu angathe kugwa m'ulamuliro wa munthu mmodzi ngati anthu atamanda atsogoleri awo mopyola muyeso.

Kumayambiriro kwa September 1962 galimoto lawo linapezeka litagwa pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Anamwalira ali ndi zaka 32, ndipo ambiri sanakhutire kuti inali ngozi chabe. Sanauone ufulu wa pa 6 July 1964, kapena kugawikana kwa nduna kumene kunatsatira m'chaka chomwecho. Mwana wawo, Du Chisiza Jnr, amene anadzatchuka pa zisudzo, anabadwa bambo ake atamwalira kale.

Aphunzitsi ndi antchito a boma ayenera kulingalira za moyo umenewu. Ulemu woyenera phungu wotere suli m'mawu a pamaliro okha, koma m'kuwerenga zimene analemba ndi kulimba mtima polangiza akuluakulu moona.