Dr. Hastings Kamuzu Banda: Sing'anga Amene Anaphunzira Udokotala Kawiri

Mwa ana a Afirika amene anaoloka nyanja kukafuna nzeru za mankhwala m'masiku a atsamunda, ndi ocepa amene mbiri yao ionetsa kulemera kwa kusankha sukulu monga ya Dr. Hastings Kamuzu Banda a ku Malawi. Iwo anaphunzira udokotala ku America ndiponso ku Scotland, cifukwa cikalata coyamba sicinawalole kucita nchito yao kwao.

A Banda anabadwira kufupi ndi Kasungu ca m'ma 1898. Ali mnyamata anacoka kwao wapansi, nakagwira nchito pa cipatala ca ku Hartley, ku Southern Rhodesia, kumene lero kuchedwa Chegutu. Pambuyo pake anapitirira ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo mpingo wa African Methodist Episcopal unawathandiza kufika ku America m'caka ca 1925. Anaphunzira ku Wilberforce, ku Indiana University ndi ku University of Chicago, kumene analandira digiri mu 1931.

Nthawi imeneyo munthu wakuda wofuna udokotala ku America analibe makomo ambiri ogogodapo. Litaturuka lipoti la Abraham Flexner mu 1910, masukulu asanu mwa asanu ndi awiri ophunzitsa madokotala akuda anatsekedwa. Anatsala ndi Howard ku Washington ndi Meharry ku Nashville. Ku Meharry komweko ndiko kunaphunzira Dr. Daniel Malekebu a ku Chiradzulu, amene anatsiriza mu 1917. A Banda analondola mapazi ao, namaliza maphunziro mu 1937.

Apa ndipo panaonekera bvuto. M'maiko olamulidwa ndi Britain, boma linali kufuna cikalata ca ku Britain kuti munthu aloledwe kuciza odwala, ndipo ca ku Meharry sicinali cokwanira. Motero dokotala wathunthu anakhalanso pa benchi ku Edinburgh, mothandizidwa ndi boma la Nyasaland ndi mpingo wa Church of Scotland, kufikira atalandira zikalata za Royal Colleges za ku Edinburgh ndi Glasgow mu 1941.

Ngakhale zinatero, tsankho linatsekabe njira ya kwao. Anamwino acizungu a ku Livingstonia anakana kugwira nchito pansi pa dokotala wakuda. A Banda anatsalira ku Britain, naciza odwala ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London. Mu 1953 anasamukira ku Kumasi, m'dziko la Gold Coast, limene lero ndi Ghana. Anthu a kwao, amene anali kusowa madokotala kwambiri, sanathandizidwe ndi manja aja.

Cimene cinawabweza kwao ndi ndale. Anali kutsutsa kolimba citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinamanganso Northern Rhodesia. Anatera pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Mu 1959 anamangidwa ndi kutsekeredwa ku Gwelo, koma mu 1964 anatsogolera Malawi ku ufulu, nakhala Pulezidenti mu 1966 ndi Pulezidenti wamuyaya mu 1971. Ulamuliro wao unali wa dzanja lolemera: ambiri owatsutsa anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ena anathawira kuno ku Zambia. Anagonja pa cisankho ca 1994, namwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997.

Lero zinthu zinasintha. Sukulu ya udokotala ya University of Zambia inaturutsa madokotala ake oyamba mu 1973, ndipo ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991. Mwana wa mlimi wa ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, akhoza kulandira makalata awiri kapena atatu omuitana, ena ocokera kutsidya kwa nyanja. Komabe funso limene linabweza a Banda pa benchi likadalipo. Makolo asanagulitse ng'ombe, ayambe afunsa ngati bungwe lolembetsa madokotala, la Health Professions Council of Zambia, livomereza sukuluyo. Kuchuka kwa dzina ndi kutsika kwa malipiro zibwere pambuyo, pakuti cikalata cosaloledwa kwanu cikhoza kudya zaka zimene munthu akadakhala akucizira abale ake.