Yves Le Prieur

Yves Le Prieur (23 Marichi 1885 – 1 Juni 1963) anali msilikali wa pamadzi wa dziko la France komanso katswiri wopanga zipangizo. Amadziwika kwambiri chifukwa chopanga chida chopumira pansi pa madzi chomwe munthu amanyamula yekha, ndiponso chigoba chophimba nkhope yonse cha anthu osambira pansi pa madzi.

Moyo wake woyambirira

Le Prieur anabadwira mumzinda wa Lorient ku France. Atalowa usilikali wa pamadzi anatumizidwa ku Japan, komwe anaphunzira Chijapanizi ndi masewera a judo. Mu Disembala 1909 anauluka ku Tokyo pa ndege yopanda injini imene anapanga mothandizana ndi anzake a ku Japan. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anapanga maroketi omangirira ku ndege, omwe ankaphulitsira mabaluni a adani.

Chida chopumira pansi pa madzi

Kale, munthu wogwira ntchito pansi pa madzi ankavala chisoti cholemera chachitsulo, ndipo anzake ali pamwamba ankamupopera mpweya kudzera m'paipi. Sankatha kupita kutali kuposa pomwe paipiyo yathera. Mu 1925 Le Prieur anaona chida chopepukirapo cha Maurice Fernez pa chionetsero ku Paris, koma nachonso chinkadalira pampu ya pamwamba. Iye anaganiza zochotsa pampuyo n'kuikapo botolo lachitsulo la mpweya wopanikizidwa la kampani ya Michelin, loti munthu azinyamula yekha. Chida cha Fernez-Le Prieur chinaonetsedwa padziwe losambirira la Tourelles ku Paris mu 1926.

Chigoba cha nkhope yonse

Chida choyambacho chinali ndi magalasi ophimba maso okha ndi kachipani kotseka mphuno. Munthu akamatsika, madzi amamupanikiza kwambiri, ndipo popeza mphuno inali kunja kwa magalasiwo, sankatha kuuziramo mpweya. Choncho magalasi ankakanikiza maso mopweteka. Cha m'ma 1933 Le Prieur anathetsa vutoli popanga chigoba chophimba maso, mphuno ndi pakamwa pamodzi, chomwe mpweya wa m'botolo unkalowamo mwachindunji. Asilikali a pamadzi a ku France anayamba kugwiritsa ntchito chidachi mu 1935. M'chaka chomwecho iye ndi Jean Painlevé, wojambula mafilimu a zamoyo za m'madzi, anakhazikitsa kalabu ya anthu osambira pansi pa madzi pofuna kusangalala chabe.

Chidacho chinali ndi vuto limodzi lalikulu: mpweya unkangotuluka nthawi zonse, munthu akuchepetsa kapena kuwonjezera ndi dzanja, motero unkatha msanga. Mu 1943 Jacques-Yves Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga chida chotulutsa mpweya pokhapokha munthu akaukoka, ndipo ichi n'chomwe chinafala padziko lonse. Le Prieur analemba buku la moyo wake lotchedwa Premier de plongée mu 1956, ndipo anamwalirira ku Nice.

Ntchito yake masiku ano

Zigoba za nkhope yonse zikugwiritsidwabe ntchito, makamaka ndi anthu okonza madoko ndi zombo, ofufuza matupi a omira komanso asayansi. Zimateteza nkhope ku madzi akuda kapena ozizira, zimalola munthu kulankhula ndi anzake ngati muli wailesi, ndipo sizichoka kumaso ngakhale munthu atakomoka. Komabe n'zodula, ndipo wovala amafunika kuphunzira kutulutsa madzi akalowamo komanso kuchivula n'kusinthira ku chopumira china mpweya ukavuta. Chigoba chosagwira bwino nkhope chimataya mpweya, n'chifukwa chake amachiyesa kaye asanalowe m'madzi.

Kuno ku Malawi, malo odziwika a masewerawa ndi Cape Maclear m'boma la Mangochi, mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Alendo ndi ofufuza amatsika kukaona nsomba za mbuna m'miyala ya pa zilumba za Thumbi ndi Domwe. Ambiri mwa iwo amavala chigoba cha maso ndi mphuno zokha, n'kumapuma kudzera m'chopumira cha pakamwa, chifukwa n'chotsika mtengo ndipo n'chosavuta kugawana mpweya ndi mnzako pa ngozi. Koma onsewo amanyamula mpweya wawo okha popanda paipi yochokera pamwamba, monga momwe Le Prieur anaonetsera mu 1926.